Mazira Osaswa a Kumabango

Lamulolo analipanga okha asodzi, ndipo linali lamulo labwino. Apa ndi pamene pakupwetekera nkhaniyi. Nsomba zikaikira mazira kumabango, paja mtsinje umathira m'nyanja, palibe woponyako phazi. Bwato lisalowe, ukonde usagwe, ngakhale galu apirikitsidwe. Amazika mitengo iwiri, n'kumangapo chingwe, n'kupachikapo nsanza yofiira. Wodumpha chingwecho amulanda ukonde, ndipo padoko palibe womugula kapena kumupatsa nsomba mpaka nyengo itatha.

Kwa zaka zitatu chingwecho chinkalondera madzi opanda kanthu. Chiyambire pamene fakitale ya pulasitiki inamera kutsidya kwa mtsinje, ndi machumuni ake awiri ndi mpanda wa waya, mazira sanaonekenso. Asodzi ankalowa kutali, kuwotcha mafuta tsiku lonse, n'kubwerako ndi tinsomba toti mphaka ayang'ane kawiri asanadye.

Ndiye m'mawa wina a Tcheya, mkulu wa komiti ya asodzi, anatulukira padoko akuthamanga, bambo wamimba yake, ali wefuwefu.

"Abwera! Anthuni, mazira abwera!"

Doko lonse linakhamukira kuchingwe. Ndipo analipodi. M'tsinde mwa mabango monse munali mbuu, tinthu tozungulira, towala, tomatirirana m'ndere, mzere wake mpaka uko maso alekezera. Amuna amene anaiwala kuseka anagundana mapewa. Nkhalamba ina inavula chipewa. Palibe anadumpha chingwe kuti akagwire ngakhale limodzi. Angayerekeze ndani? Chinthu wachidikira zaka zitatu suchitosa ndi chala.

Nampeni anali pomwepo, kumbuyo kwa gulu, mamba ali m'mikono. Dzinali anamupatsa padoko pomwepo, chifukwa zaka khumi ndi zisanu wakhala akutumbula nsomba patebulo la pakona m'shedi, ndipo anthu amati lilime lake ndi mpeni wake anazinolera pamwala umodzi. Mwamuna anamuthawa kalekale, mwana analibe. Wake padziko anali mmodzi, mlongo wake Mzime, amene anamulera yekha mayi awo atamwalira. Pano Mzime anali mwamuna wandevu zake, wosesa kufakitale. Ankakhala awiriwo m'zipinda ziwiri kuseri kwa shopu ya wowotcherera zitsulo. Tsiku limenelo nayenso Nampeni anasangalala. Tisamunamizire, anaimba nawo.

Patapita masiku anayi anang'amba nsomba ina, mpeni n'kumveka khwee ngati wakhudza mchenga. Anatsegula chifu. Munali timikanda toyera thoo. Anatenga kamodzi n'kukakanikiza ndi chikhadabo. Sikanaphulike. Anakaluma. Dzino linabwerera.

"Amake Mapasa, taonani izi."

Amake Mapasa, a patebulo loyandikana, anasuzumira osasiya kupala mamba. "Mazira amenewo. Nsomba zimadya mazira a zinzake, wadziwa lero?"

"Dzira lanji lokana dzino?"

"Lokhwima. Ngati mutu wakowo." Azimayi a m'shedi anaphulika kuseka. "Iwe Nampeni, Mulungu atakugwetsera mvula ya nyama ungamufunse kuti wapha ndani. Kataye matumbo, ntchentche zatikwana."

Matumbo anakataya, koma timikandato anatimanga pansonga ya nsalu yake.

Loweruka masana anachapa ovolosi ya Mzime. Potambasula mopinda mwa miyendo, tinthu tinagwera m'beseni n'kuyandama pathovu. Anapukuta manja. Anamasula nsonga ya nsalu, naika ta m'nsomba pachikhatho china, ta mu ovolosi pachikhatho china. Kunali kufanana kwa m'mimba imodzi.

Mzime anali pakhomo akumeta ndevu, kagalasi atakatsamiritsa pazenera.

"Mzime, izi n'chiyani?"

Anayang'ana kamodzi n'kubwezera maso pagalasi. "Njere. Ndi zimene amasungunula popanga zidebe ndi mapaipi. Zimabwera m'matumba."

"Zikatayika pansi?"

"Timasesa."

"Mukasesa?"

Lezala linaima patsaya. "Achemwali, mukundifunsa ngati wapolisi bwanji?"

"Ndinakusambitsa ine, usandizungulitse. Mukasesa mumapita nazo kuti?"

Mzime anakhala pansi pachiundo cha khomo, theka la nkhope lili ndi sopo. Anafotokoza maso ali kuzala zakumapazi. Kale ankawolera njerezo m'matumba. Makina atsopano atabwera, zotayika zinachuluka, ndipo kapitawo anati tsache likuchedwetsa ntchito, atenge paipi ya madzi. Akathira madzi, njere zimalowa m'ngalande. Ngalandeyo imatulukira kumtsinje.

"Wogwira paipiyo ndani?"

"Ine."

"Ndiye kumabango kuja..."

"Ndikudziwa! Mukuyesa sindikudziwa? Tsiku lija anthu akuvina ine ndinali pamwamba pa thanki, ndikuona zonse."

"N'kukhala chete."

"Ndikauze ndani? Kapitawo adzati sanandiuzepo, pepala palibe. Asodzi akamva kuti ndine, mwendo uwu authyola. Mwezi wamawa akundilemba ntchito yokhazikika, achemwali. Zaka zitatu ndili waganyu, pageti amandisecha ngati wakuba. Ndipirireni mwezi umodzi wokha. Zikapanda kuswa, anthu adzadziwa okha."

Khoswe anali atakhala pamkhate. Nampeni anafinya ovolosi mpaka manja kuwawa, n'kuiyanika.

Mwezi umodzi akanapirira. Koma Lolemba padoko panaima galimoto yoyera, ndipo munatuluka mayi wa kampani ya fakitale ija, nsapato zake zosadziwa matope. Anapita kuchingwe n'kujambula mabango ndi foni, akumwetulira. Kampani inkafuna kumanga fakitale yachiwiri tsidya lino, moyandikana ndi mabango, pamodzi ndi doko la sitima zake. Boma linati popanda kalata yovomereza ya asodzi sizitheka. Kawiri konse asodzi anakana, akuti fakitale yoyamba yathamangitsa nsomba.

"Nanga izi?" anatero mayiyo mofatsa, akuloza mbuu uja. "Chaka chachinayi chino tili pano, ndipo nsomba zikuikira pakhomo pathu penipeni. Madzi oipa angatero, abambo anga?"

Amuna anayang'anana. Mayiyo anawonjeza kuti mabango sadzawakhudza, ndiponso adzamanga chipinda cha ayezi kuti nsomba zisamaole. Anagwirizana kuti kalata isainidwe Lachisanu. Ngati mayiyo ankadziwa chimene ankajambula, Nampeni sanathe kunena. Koma munthu woponda njerezo tsiku ndi tsiku popita ku ofesi, angazione m'madzi n'kuziyesa mazira?

Lachitatu Nampeni anawapeza a Tcheya ali okha, akumata phula pabwato.

"A Tcheya, aja si mazira. Ndi pulasitiki."

Anacheuka uku ndi uku. "Unalowako?"

"Ayi."

"Unagwira?"

"Ndinazipeza m'chifu cha nsomba."

"M'chifu cha nsomba ine ndinapezamo batani la malaya. Ndinene kuti nyanja yayamba utelala?" Anaika pansi chitini cha phula. "Mwana wanga, mazira a nsomba ndinayamba kuwaona iwe usanabadwe. Ukuti amuna makumi asanu tonsefe ndife akhungu, wopenya ndiwe wekha? Wakuuza ndani kuti ndi pulasitiki?"

Dzina la Mzime linafika pamilomo. Analimeza.

"Tumizani munthu mmodzi akatape pang'ono, basi."

"Ndiswe lamulo langa lomwe chifukwa cha munthu woipidwa ndi chimwemwe cha anzake? Kazipita, Nampeni. Nsomba zikukudikira."

Kunyumba mawu anatha. Wowotcherera zitsulo akazimitsa makina ake, m'zipinda ziwiri zija munkangomveka supuni kugunda mbale. Lachinayi akudya, Mzime anafunsa osakweza mutu.

"Simunauze munthu, eti?"

"Dzina lako sindinalitchule."

Nthawi imeneyo n'kuti Nampeni atadziwa kale chimene adzachite mawa lake, koma anaopa ziwiri. Anaopa kuti akamuuza, Mzime alira, iye n'kufewa monga ankafewera ali kamwana. Anaopanso china chimene sanafune kuchiyang'ana kumaso: kuti mwina Mzime athamangira kwa kapitawo, ndipo pofika m'mawa kumabango kudzakhala kwa see, njere zonse zitawoledwa. Anamuwonjezera ndiwo m'mbale n'kutuluka kukatsuka miphika.

Lachisanu shedi anaisesa mpaka m'makona. Matebulo otumbulira anawakankhira kukhoma, limodzi n'kuliyala nsalu yoyera. Panali kalata, cholembera, ndi kabokosi ka inki ka odinda chala. Dzuwa litakwera, a Tcheya anaimirira kuthokoza alendo, ndipo aliyense amadziwa kuti a Tcheya akayamba kuthokoza, munthu akhoza kupita kukameta n'kubwerako. Nampeni ananyamula beseni lake n'kutuluka. Palibe anacheuka. Mkazi wonyamula beseni padoko ali ngati khwangwala padzala, saoneka.

Pachingwe anaima. Chibadwire sanachidumphepo. Bambo ake omwe anali nawo popanga lamuloli, ndipo tsiku lina anamukwapula chifukwa chongoponya mwala kutsidya kwake. Anakwinya nsalu, anakweza mwendo, anadutsa.

Madzi anali ataphwa. Matope anamumeza mpaka m'mawondo, kenako m'ntchafu. Ankayembekezera tinsomba kumuthawa m'miyendo, nkhanu kubisala, mbalame kuuluka. Kunali zii. Kunkangonunkha ngati waya wamagetsi wopsa. Anafika pamabango oyamba, anawerama, anatapa ndi manja awiri. Ndere zinamutsetsereka m'zala, njere n'kutsala, zolimba, zozizira. Mpaka nthawi imeneyo kamtima kena kankapempherabe kuti akhale wolakwa ndi iye, kuti dzira limuphulikire m'manja, anthu amuseke chaka chonse. Anafinya ndi mphamvu zake zonse. Palibe chinaphulika.

"Nampeni wapenga! Walowa kumabango!"

Shedi yonse inatuluka. Anadzadza pachingwe, amuna akukuwa, azimayi atagwira kukamwa.

"Tuluka, mfiti iwe!"

"Ukuponda chakudya cha ana athu!"

Koma palibe analowa kudzamukoka. Akanalowa bwanji? Lamulo lomwe lija linawamanga miyendo. Anaima m'mbali mwa chingwe ngati ng'ombe pakhola, iye akutapa mosafulumira mpaka beseni kudzaza.

Potuluka anthu anapatuka. Wina anamulavulira pamwendo. Sanayime. Analowa m'shedi, matope akudontha, n'kukhuthula beseni lonse patebulo la nsalu yoyera, pamwamba pa kalata. Njere zinagwera pasimenti, zikudumphadumpha, zikugubuduzika mpaka kunsi kwa mabenchi.

"Dzira limadumpha?" anafunsa. "Lumani, a Tcheya. Mano muli nawo."

A Tcheya anatola imodzi. Anaikanikiza ndi chala. Anaiika pakamwa. Shedi yonse inamva dzino likugunda. Msodzi wina anayatsa machesi n'kuyandikiza ku njere zingapo; zinafota, zinadontha, kautsi kakuda kanakwera, ndipo fungo lake aliyense analidziwa, fungo la jumbo yopsa padzala. Amuna makumi asanu anayang'ana pansi. Masiku khumi ndi limodzi akhala akusinthana kulondera zinyalala za fakitale, ena mpaka kupemphera pachingwe.

Mayi wa kampani sanatekeseke. Anakutumula chikwama chake, n'kulankhula mwachisoni chokonzedwa bwino.

"Izi n'zodandaulitsa kwambiri. Kampani ili ndi lamulo loti njere zotayika ziziwoleredwa m'matumba. Ngati zafika kuno, ndiye kuti pali wantchito amene waswa lamulolo. Tifufuza lero lomwe." Kenako anatembenukira kwa Nampeni. "Mwatithandiza, mayi. Koma munadziwa bwanji?"

Anayankha ndi Amake Mapasa, osati mwankhanza, koma kunong'ona kwawo kumamveka kutsidya kwa mtsinje.

"Si mlongo wake amasesa kumeneko?"

Kalata sinasainidwe. Mukuyesa anamuthokoza Nampeni? Munthu amakhululukira womubera, koma womuonetsa kupusa pagulu samuiwala. Masana omwewo komiti inakhala pansi. Lamulo ndi lamulo. Ukonde woti amulande analibe, choncho anagamula kuti pasapezeke msodzi woika nsomba patebulo lake mpaka nyengo itatha.

"Nyengo ya chiyani?" anakuwa Nampeni. "Ya pulasitiki? Mukudikira kuti aswe zidebe?"

A Tcheya sanamuyang'ane. "Tikakusiya iwe, chaka chamawa aliyense adzalowa, n'kumati amafuna kuona ngati ndi mazira enieni."

Chonyansa n'chakuti apa sananame.

Kufakitale kufufuza kunatenga maola awiri. Fakitale yonse ija, mabwana ake, makina ake, ngalande yoikumba okha yolunjika kumtsinje, mlandu wonse unakwana pamutu pa munthu mmodzi wogwira paipi. Kalata yochotsedwa ntchito inati kusasamala. Mboni yosainira pansi anali kapitawo. Mzime akubwerera kunyumba, asodzi ena anamuona pamsewu.

"Uyo thadzi lathu! Laikira nyanja yonse!"

"Tetera, timve!"

Anafika kunyumba mlomo utatupa, malaya atang'ambika paphewa. Nampeni anabweretsa madzi ofunda ndi kansalu. Mzime analandira beseni, n'kulowa nalo kuchipinda, n'kutseka chitseko.

M'mawa mwake Nampeni anamupeza akupinda zovala m'chikwama. Mzime anati akupita kutauni, kuli mnzake wonyamula katundu kumalole.

"Udye kaye."

"Sindikumva njala."

Nampeni anatsamira khomo. Mikono yake yozolowera ntchito sinadziwe pokhala. "Ndinalakwa?"

"Ayi." Anapinda buluku, analitambasula, analipindanso. "Simunalakwe. N'chimene chikundiwawa."

"Ndiye ukupitiranji? Anthu amaiwala, Mzime. Milomo itopa."

"Ndikhale ndiziyenda msewu uti? Wakufakitale kapena wakudoko?" Anatseka zipi, inakanirira pakati, anaisiya. "Lachinayi lija, tikudya, munali mutadziwa kale kuti mulowa."

"Ndinali nditadziwa."

"N'kundiwonjezera ndiwo."

"Ndinaopa."

"Chiyani?"

Akanatha kunena choyamba chija, chakuti akanalira iye n'kufewa. Chinali choona, ndipo Mzime akanachilandira. Koma pakamwa pa Nampeni sipanaphunzire kusankha.

"Ndinaopa kuti ukauza kapitawo."

Kunja wowotcherera zitsulo ankakoka chitseko cha shopu yake. Mzime anamuyang'ana mlongo wake nthawi yaitali, ngati munthu amene wamupeza m'nyumba mwake osamudziwa.

"Ine?" anatero pansipansi. "Achemwali, ine?"

"Unandipempha kuti ndikhale chete."

"Ndinapempha, ee. Munthu wamantha amapempha. Koma mukanati, Mzime, mawa ndikulowa, ndikanakugwirirani beseni. Ndikanaima pamaso pa mayi uja n'kutchula ndi pakamwa panga amene anandipatsa paipi. Ntchito ikanathabe. Koma ndikanachoka ngati munthu. Pano ndikuchoka ngati mbava yogwidwa ndi mlongo wake."

Kodi akanaterodi? Nampeni anafufuza pankhope yotupayo ndipo sanapeze yankho. Kulimba mtima Loweruka n'kosavuta, zinthu zitachitika Lachisanu. Mwina mwiniwakeyo sankadziwanso. Koma chimodzi chinali chosakanika: sanamupatse mpata woti adziwe. Anamulera, anamudyetsa, anamuchapira mpaka ndevu kumera, ndipo tsiku limodzi limene mwanayo akanaima ngati mwamuna, iye anamusankhira kale kuti sangathe.

Anatambasula dzanja kuti anyamule chikwama. Mzime anachikweza yekha paphewa.

"Musandiperekeze. Angati mukunditeteza, akuwonjezerani mlandu."

"Ukafika undiimbire."

"Ndiona."

Anadutsa m'kanjira ka pakati pa shopu ndi khoma, akupendeketsa chikwama kuti chisakole pazitsulo. Pamsewu anakhotera kumanja. Sanacheuke, ndipo Nampeni sanamuitane.

Anakhalabe pakhomo. Patapita nthawi amuna a padoko anadutsa mumsewu, atanyamula matumba, masefa ndi mafosholo, akulowera kumabango. Komiti inali itavomereza kuti akawole. A Tcheya anali kumbuyo kwa onse. Atafika polunjika kanjira kaja anachepetsa liwiro, anamuona, anatsegula pakamwa ngati anena kanthu. Anatsokomola, n'kutsatira anzawo.

Kunyanja kunamveka injini za mabwato oyamba kubwerera, nthawi yoti otumbula akhale ali pamatebulo. Thupi la Nampeni linadzuka lokha. Anaima pang'ono, kenako anakhalanso pansi. Wowotcherera zitsulo anayatsa makina ake, ndipo dzuwa linali lisanafike n'pamutu pomwe.